Timagetsi ta Zuze

Anabwera nato m'jumbo yakuda,
chingwe chopiringizana ngati matumbo a mlamba.
Akuti anagula kwa mavenda pa Dyeratu
minibasi itaima kuti mabuleki azizire.

Mayi anachigwira, anachitembenuza.
"Zingati?"
Anatchula mtengo. Mayi anakhala pansi.
"Imeneyo ndi ndowa ya mapira, mwana iwe.
Kuwala amadya?"

Zuze sanayankhe. Anakwera pampando,
misomali kukamwa, thukuta likudontha m'zigongono
(dzuwa la ku Bangula silidziwa Khirisimasi),
nakhomera chingwecho m'mphepete mwa denga,
malata asanu ndi limodzi aja tinawolotsa pabwato
chaka chimene Ruo analowa m'nyumba mwathu ku Makhanga
wopanda odi.

Chotsala anakulunga panjinga yake yamoto:
m'mahandulo, kunsi kwa thanki,
mpaka kukaliyala komwe amamangako mbuzi za eni.

Kutada anagunditsa mawaya pabatire.
Chofiira.
Chobiriwira.
Zii.
Kenako tonse pamodzi, phethi phethi phethi,
galu wa a Fombe mpaka anathawira kuseri kwa bafa.

Pasiteji ya kabaza anamuseka.
"Ndege yatera!" "Mkwati wamusiya kuti?"
Koma mayi wogulitsa makakana ouma
anadutsa njinga zisanu ndi ziwiri zili ndandanda
n'kunena, "Ndikufuna yophethirayo.
Mathiraki a nzimbe aziona kuti pali munthu."

Usiku wachitatu mvula inawaza pang'ono,
yongonunkhitsa fumbi,
ndipo ngumbi zinatuluka.
Mudzi wonse mdima, magetsi a boma atapita kwawo,
zinasankha khonde lathu.
Zinadza ngati utsi, zikuwomba malata,
zikugwera m'tsitsi, m'makutu, m'malaya.
Ana a Nyamazawo anathamanga ndi mabeseni,
achule anakhala mzere pansi pa khoma
ngati odikira makuponi,
nalimata anameza mpaka mimba kuwala.
Tinadzaza ndowa, theka lake mapiko.

M'mawa Nyamazawo anaima pampanda,
mafuta ali nyezinyezi pamilomo,
anawomba m'manja: "Takhuta!"
Sindinadziwe ngati akuthokoza m'Chisena
kapena akunena za m'mimba.
Zuze anayang'ana mayi.
Mayi anayang'ana nkhuku.

Koma pali china chimene sanena masana.

Bambo anatuluka usiku uja kukamasula ng'ombe,
madzi ali m'mawondo.
Ife tili pachulu tinaona tochi yawo
ikupita, ikuchepa,
ikusanduka chiphaniphani,
mpaka maso athu anayamba kutinamiza.
Kuyambira pamenepo mayi sagona
wina wa ife akakhala panja.

Kale njinga zonse zinali zofanana mumdima:
diso limodzi loyera likuchokera cha ku Phokera.
Ankadzuka pamkeka, diso n'kudutsa.
Ankakhalanso. Lina. Ankadzukanso.
Mawondo ankalira kuposa injini.

Tsopano amakhala phee, akupha udzudzu pamsongolo,
maso oyera angadutse khumi.
Akaona kutali uko, kuseri kwa mlambe,
kanthu kofiira kakusinthana ndi kobiriwira,
kakukula,
kakukula, osati kuchepa,
amapinda mkeka, amalowa,
ndipo Zuze akamazimitsa injini
amawapeza akuliza mkonono wabodza.

Chaka chatsopano chinadutsa.
Masitolo anatsitsa zawo, anabweza m'makatoni.
Timababu tobiriwira tathu tinapsa tinayi,
ta panjinga matope anatimata.
Zuze anatenga mpando ndi pulayala
kuti azule misomali.

Mayi anali kusankha nyemba, sanadzutse n'komwe mutu.
"Tsika apo.
Wauzidwa ndi ndani kuti zatha?"

Ndipo mawa lake, tambala asanalire kachiwiri,
ndinawapeza atagwada pambali pa njinga,
nsonga ya chitenje ataviika m'madzi,
akupukuta kababu kamodzikamodzi.